Zimene zili pansi pa nthaka ya ku Tete ndi chifukwa chake imagwedezeka

Aliyense amene anaonererapo kukumba kwa mjigo m'midzi ya ku Angónia kapena ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique kuno, amadziwa kuti zotuluka m'dzenjemo zimasinthasintha pamene makina akulowa pansi. Poyamba pamatuluka katondo wofiira, kenako dothi lotuwa losakanikirana ndi timiyala tofumbutuka tikafinyidwa m'manja, ndipo chitsulo chikagunda thanthwe lenileni, kulira kwa makina kumasintha, fumbi lopyapyala n'kuyamba kufuka. Mijigo yambiri sifika mamita 100. Migodi yozama kwambiri ya golide ku South Africa, monga wa Mponeng, imafika pafupifupi makilomita 4, ndipo kumeneko thanthwe limatentha mpaka madigiri 60, moti anthu sangagwireko ntchito popanda makina oziziritsa mpweya. Dzenje limene linatsika pansi kuposa onse amene anthu anakumbapo lili ku Kola m'dziko la Russia. Mu 1989 linafika mamita 12,262, ndipo pansi pake panali potentha madigiri pafupifupi 180. Komabe kuchokera pamene tapondapa kukafika pakatikati pa dziko pali makilomita 6,371. Izi zikutanthauza kuti anthu angoboola gawo limodzi lokha mwa magawo 500 a ulendowo.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, ngati palibe amene anafikako, akatswiri amadziwa bwanji zimene zili m'katimo? Yankho lake ndi zivomerezi. Thanthwe likathyoka pansi pa nthaka, limatumiza mafunde amene amadutsa m'dziko lonse, ndipo makina oyezera kugwedezeka kwa nthaka amene ali m'mayiko osiyanasiyana amalemba nthawi imene mafundewo afika. Mafunde odutsa m'kati mwa dziko alipo a mitundu iwiri. Oyamba, otchedwa P, amakankha ndi kukoka thanthwe molunjika kumene akupita, amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi m'miyala yapamwambayi, ndipo amadutsa m'chinthu cholimba ndi m'chamadzimadzi momwe. Achiwiri, otchedwa S, amagwedeza thanthwe cham'mbali, amayenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi, ndipo sangathe kudutsa m'chinthu chamadzimadzi. Kusiyana kumeneku ndiko kunatsegula maso a akatswiri. Mu 1906 Richard Oldham wa ku Britain anaona kuti mafunde odutsa pakati pa dziko amachedwa kufika, ndipo anazindikira kuti m'katimo muli phata losiyana ndi miyala yolizungulira. Mu 1909 Andrija Mohorovičić wa ku Croatia anapeza malire amene liwiro la mafunde limakwera mwadzidzidzi, ndipo malirewo ndiwo polekezera khungwa la dziko. Patapita zaka zochepa Beno Gutenberg wa ku Germany anawerengera kuti phata limayambira pa makilomita pafupifupi 2,900, ndipo popeza mafunde a S safika kuseri kwa dziko, kunadziwika kuti mbali yakunja ya phatalo ndi yosungunuka. Pomaliza, mu 1936, mayi wina wa ku Denmark, Inge Lehmann, atasanthula timafunde tofooka timene tinkaonekera pamalo pamene sitinkayembekezeka, ananena kuti m'kati mwa phata losungunukalo muli phata lina laling'ono, limene pambuyo pake linadziwika kuti ndi lolimba.

Choncho dongosolo lake lili motere. Pamwamba pali khungwa, limene pansi pa nyanja zamchere n'lopyapyala, makilomita 5 mpaka 10, koma pansi pa mtunda ngati wathu uno limakhala makilomita 30 mpaka 50. Pansi pa khungwa pali gawo lalikulu koposa, lotchedwa mantle, lofika pa makilomita 2,900. Kenako pali phata lakunja la chitsulo chosungunuka chosakanikirana ndi nickel, lofika pa makilomita pafupifupi 5,150, ndipo kuzungulira kwa chitsulo chimenechi ndiko kumapatsa dziko mphamvu ya maginito imene imalozetsa kampasi kumpoto. Pakatikati penipeni pamatentha madigiri oposa 5,000, koma chitsulo chake n'cholimba chifukwa kulemera kwa zonse zili pamwamba kumachipanikiza kwambiri moti sichingasungunuke. Umboni wina wakuti m'katimo muli chitsulo ndi kulemera kwa dziko. Mwala wamba wodzaza lita imodzi umalemera pafupifupi makilogalamu 2.7, pamene dziko lonse tikaligawa mofanana, lita iliyonse imalemera makilogalamu 5.5, kusonyeza kuti pansipo pali chinthu cholemera kwambiri kuposa miyala imene timaiona.

Pali maganizo ofala akuti pansi pa khungwa pali nyanja yamoto imene mtunda ukuyandamapo. Zimenezo si zoona, ndipo n'kofunika kuziwongola chifukwa zimasokoneza kumvetsa nkhani yonse. Gawo la mantle ndi thanthwe lolimba, ndipo umboni wake ndi wakuti mafunde a S amadutsamo bwinobwino. Kungoti thanthwe lotentha kwambiri, likapanikizidwa kwa zaka zikwizikwi, limasuntha pang'onopang'ono osathyoka, masentimita ochepa pachaka. Lotentha limakwera, lozizira limamira. Chiphalaphala chimene chimatuluka m'mapiri ophulika, monga Nyiragongo wa ku Congo amene anawononga mbali ya mzinda wa Goma mu 2002 ndi kuphulikanso mu 2021, chimapangika m'malo ochepa okha pamene thanthwe lotentha lakwera m'mwamba n'kupepukidwa, kapena pamene madzi alowerera m'thanthwemo. Kutentha konseku kuli ndi magwero awiri: kwina n'kotsala kuyambira pamene dziko linkaumbika zaka 4.5 biliyoni zapitazo, kwina kumachokera ku uranium, thorium ndi potassium zimene zimatulutsa kutentha pamene zikusintha pang'onopang'ono m'miyala. Uranium si chinthu chachilendo kwathu kuno, pakuti m'nthawi ya Apwitikizi ankakumba miyala yake ku Mavuzi, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Tete.

Khungwa pamodzi ndi mbali yapamwamba yozizira ya mantle zinasweka kukhala zibenthu zikuluzikulu zimene zimasuntha, zina kutalikirana, zina kugundana, zina kukhulana m'mbali. Alfred Wegener wa ku Germany atanena mu 1912 kuti makontinenti anali pamodzi kale ndipo anachita kupatukana, akatswiri ambiri anamutsutsa chifukwa sanathe kufotokoza mphamvu imene ingasunthe mtunda. Maganizo ake anavomerezedwa m'zaka za m'ma 1960, iye atamwalira kale, pamene kuyeza kwa pansi pa nyanja kunasonyeza kuti khungwa latsopano limabadwa pakati pa nyanja zamchere n'kumafalikira mbali zonse ziwiri. Masiku ano kusunthaku amakuyeza ndi GPS.

Mbiri yonseyi inalembedwa m'miyala ya chigawo cha Tete momveka bwino kuposa m'malo ambiri, ndipo munthu woyenda pamsewu wochokera ku Ulónguè kutsikira ku Moatize mpaka kukafika ku Songo amadutsa mitundu yonse itatu ya miyala. Mtundu woyamba ndi wa miyala yobadwa ku thanthwe losungunuka litazizira. Likazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, timaso ta m'mwalamo timakula mpaka kuoneka ndi maso, monga mu granite wa ku Furancungo, amene mukamuyang'anitsitsa mumaona timadontho toyera, tofiirira ndi takuda tonyezimira. Kumpoto kwa mzinda wa Tete kuli dera lalikulu la miyala yolemera yotchedwa gabbro ndi anorthosite, imene inazizira zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo ndipo muli chitsulo ndi titanium. Chiphalaphala chikafika pamtunda chimazizira msanga, mwala wake n'kukhala wosalala wopanda timaso tooneka, ndipo miyala yoteroyo imapezeka pampata wa Lupata pamene Zambezi amapanikizika pakati pa mapiri.

Mtundu wachiwiri ndi wa miyala yosandulika. Thanthwe lakale likakwiriridwa mozama pamene zibenthu zikugundana, limaphikika ndi kufinyika osasungunuka, ndipo timaso take timandanda m'mizere. Tengani mwala umodzi pa mulu umene amisiri aunjika kuti amangire maziko a nyumba ku Dómuè kapena ku Ulónguè, muutsire madzi. Kawirikawiri mudzaona mizeremizere yoyera ndi yakuda, ina yopindika mokhotakhota. Umenewo ndi gneiss, ndipo kupindikako ndi chizindikiro chakuti mwalawo unali pansi makilomita ambiri, pamizu ya mapiri aatali amene mvula ndi mitsinje zinaperesa kalekale. Katondo amene alimi a ku Angónia amalimapo chimanga ndi mbatata ya kachewere ndi miyala yomweyi itawola, ndipo kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo chimene chinali m'mwalamo. Matanthwe akale olimba a mtundu wa granite ndi gneiss ndi amenenso anapanga mpata wopapatiza wa Cahora Bassa, pamene mathithi anabweza David Livingstone mu 1858, ndipo pamene panamangidwa damu lalitali mamita 171 limene linamalizidwa mu 1974.

Mtundu wachitatu, wa miyala younjikana, ndiwo wasintha moyo wa anthu a ku Moatize. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana, ndipo mbali yathu ino inali kufupi ndi kum'mwera kwenikweni kwa dziko, yokutidwa ndi madzi oundana. Madziwo atasungunuka, m'zigwa zimene zinatitimira potsata ming'alu ya m'dera la Zambezi munadzaza madambo ndi nkhalango. Masamba ndi mitengo zinkagwera m'madzi osayenda momwe sizinkawola msanga, kenako matope ndi mchenga zinkakwirira pamwamba, ndipo kulemera ndi kutentha kwa zaka mamiliyoni ambiri kunafinya zomerazo kukhala malasha. Msempha waukulu wa malasha ku Moatize, wotchedwa Chipanga, m'malo ena n'ngochindikala kuposa mamita 20. Mukang'amba mwala wotuwa wa matope umene umakhala pakati pa misempha ya malasha, nthawi zina mumapeza chidindo cha tsamba lalitali, mitsempha yake ikuonekabe bwinobwino. Chomera chake chimatchedwa Glossopteris, ndipo masamba omwewa amapezeka m'miyala ya ku India, ku Brazil, ku Australia ndi ku Antarctica, chimene chinali umodzi mwa maumboni a Wegener. Ku Mágoè, m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa, kuli mathunthu a mitengo yosanduka miyala yochokera m'nthawi yakale yomweyo, ndipo ndi chuma chofunika kuchisamala, pakuti thunthu lotere likaphwanyidwa kapena kugulitsidwa silingabwezeretsedwenso. Malasha amene sitima zimanyamula kupita ku Nacala kudzera ku Malawi, kapena ku Beira panjanji ya Sena, anatenga zaka zoposa 250 miliyoni kuti akhwime.

Kung'ambika kwa mtunda kumene kunagawa Gondwana sikunathere pomwepo. Lero Africa ikung'ambika chakum'mawa, kuyambira ku Ethiopia, kudutsa ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, kutsika ndi nyanja ya Malawi, imene kuno timaitchanso Niassa, kulowa m'chigwa cha Shire, mpaka ku Urema kufupi ndi Gorongosa ndi kupitirira kum'mwera. Ku Ethiopia mbali ziwirizi zimatalikirana mamilimita 6 kapena 7 pachaka, ndipo kwathu kuno liwirolo n'locheperapo. Mtunda ukakokedwa chotere, pakati pake pamatitimira, m'mbali n'kutsala zipupa za mapiri. Nchifukwa chake nyanja ya Malawi imazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndipo pansi pake pamatsika kuposa pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Nchifukwa chakenso ku Nkhotakota, ku Liwonde ndi ku Chiweta kuli akasupe a madzi otentha: madzi a mvula amalowa mozama potsata ming'alu, amatenthedwa ndi thanthwe, n'kubwereranso pamwamba. Wa ku Angónia amene anaolokapo malire pa Calómuè n'kutsika msewu wokhotakhota wopita ku Golomoti anatsika pa chimodzi mwa zipupa zimenezi. M'munsi mwake muli mng'alu wotchedwa Bilila-Mtakataka, wautali pafupifupi makilomita 100, umene akatswiri amati ungathe kubweretsa chivomerezi cha mphamvu yoposa 7. Malire a mayiko alibe kanthu pa nkhani imeneyi, pakuti mafunde ochokera pamenepo angafike ku Ulónguè ndi ku Tsangano m'masekondi owerengeka.

Chivomerezi chenichenicho chimachitika motere. Mbali ziwiri za mng'alu zimafuna kusuntha, koma zimakhala zitagwirana chifukwa cha kukhakhala kwa miyala ndi kulemera kwa nthaka. Kukokako sikuleka, choncho thanthwe limapindika pang'onopang'ono, monga nsungwi imene munthu akuipinda pabondo: imakhota mwakachetechete kwa kanthawi, kenako n'kuthyoka kamodzin'kamodzi, manja n'kunjenjemera. Mphamvu imene yakhala ikuunjikana kwa zaka mazana kapena zikwi imatuluka m'masekondi ochepa. Amene anamvapo chivomerezi amakumbukira kuti poyamba pamamveka kugunda kapena mkokomo, malata n'kulira, ndipo patapita kanthawi m'pamene nyumba imayamba kupendama uku ndi uku. Kugunda koyambako ndi mafunde a P, kugwedezeka kwakukuluko ndi mafunde a S pamodzi ndi ena oyenda pamwamba pa nthaka. Mpata wa pakati pa ziwirizi umasonyeza kutalika kwa gwero, pafupifupi makilomita 8 pa sekondi iliyonse, ndipo malo atatu oyezera akapereka kutalika kwawo, akatswiri amadziwa pamene thanthwe lathyokera. Ku Mozambique kuno ntchito yoyang'anira makina amenewa ili m'manja mwa Instituto Nacional de Minas, bungwe la boma loona za migodi.

Manambala a mphamvu ya chivomerezi amanyenga munthu wosazolowera. Sikelo imene Charles Richter anakhazikitsa mu 1935, ndi ina yatsopano imene akatswiri akugwiritsa ntchito masiku ano, sizikwera mofanana ndi sikelo yoyezera chimanga. Nambala ikakwera ndi 1, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, choncho chivomerezi cha 7 chimaposa cha 5 pafupifupi ka 1,000. Pachifukwa chimenechi maganizo akuti tizivomerezi ting'onoting'ono timachotsa mphamvu ya chachikulu alibe maziko olimba, chifukwa pangafunike tambirimbiri kuti tifanane ndi chimodzi chachikulu.

Dera lathu lili ndi mbiri yake. Mu Disembala 1910 ku Rukwa m'dziko la Tanzania kunachitika chivomerezi cha mphamvu pafupifupi 7.4, chimodzi mwa zazikulu koposa zimene zinalembedwapo mu Africa. Pa 10 Malichi 1989 china chinagwedeza Salima, n'kupha anthu osachepera 9 ndi kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Mu Disembala 2009 zivomerezi zotsatizana zinagumula nyumba zikwi zambiri ku Karonga, ndipo mu Malichi 2018 china chinachitika kufupi ndi Nsanje, pafupi ndi boma la Mutarara. Chachikulu koposa m'mbiri yaposachedwa ya Mozambique chinachitika pa 23 Febuluwale 2006, patangodutsa pang'ono pakati pa usiku, m'boma la Machaze m'chigawo cha Manica. Mphamvu yake inali 7.0, chinamveka ku Beira, ku Maputo, ku Harare mpaka ku South Africa, nthaka inang'ambika ndi kutsika kuposa mita imodzi m'malo ena, ndipo m'malo a mchenga wonyowa madzi ndi mchenga zinatumphuka m'ming'alu. Palinso zivomerezi zimene ntchito za anthu zimafulumizitsa. Nyanja ya Kariba itadzaza, kulemera kwa madzi ndi kulowerera kwake m'ming'alu kunabweretsa zivomerezi zambiri, ndipo chachikulu, mu 1963, chinali cha mphamvu pafupifupi 6. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene madamu aakulu a pa Zambezi amafunikira kuwayang'anira mosalekeza.

Chivomerezi tisachisokoneze ndi Napolo. Zimene makolo athu ankatcha Napolo, monga zija za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndi kugumuka kwa phiri pamene mvula yambiri yakhutitsa dothi, madzi ndi miyala n'kutsika pamodzi. Gwero lake lili pamwamba, ngakhale kuti chivomerezi chingathenso kugumula phiri lonyowa kale.

Pa zonsezi, chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ndi kusiyana kwa Machaze ndi Haiti. Ku Machaze anthu amene anadziwika kuti anamwalira anali 4. Pa 12 Januwale 2010 chivomerezi cha mphamvu yomweyo ya 7.0 chinachitika kufupi ndi Port-au-Prince, likulu la dziko la Haiti, ndipo chinapha anthu oposa 100,000. Kusiyanaku kunabwera chifukwa ku Machaze anthu ankakhala motalikirana, ambiri m'nyumba zopepuka za mitengo ndi udzu, pamene ku Haiti munali mumzinda wothithikana wa nyumba zolemera zosamangidwa bwino. Ku Morocco mu Sepitembala 2023 anthu pafupifupi 2,900 anafa, ambiri m'midzi ya kumapiri ya nyumba za dothi ndi miyala. Palibe katswiri aliyense padziko amene angathe kutchula tsiku, malo ndi mphamvu ya chivomerezi chisanachitike, ndipo mauthenga a pa WhatsApp olengeza tsiku loteroyo ndi abodza. Chimene sayansi ingathe ndi kusonyeza madera amene ali pangozi. Choncho chitetezo chathu chili pa kamangidwe. M'matauni amene akukula msanga, monga Tete, Moatize ndi Ulónguè, komanso m'midzi momwe anthu akusiya nyumba za udzu, tikuona zipupa zazitali za njerwa zoyalidwa mzere umodzi, zomatidwa ndi matope kapena simenti yochepa, ngodya zosalumikizana, mazenera aakulu oyandikana ndi ngodya, ndi miyala yotsindira malata padenga. Nyumba yotere imapirira kulemera kochokera pamwamba, koma siingapirire kukankhidwa cham'mbali. Mmisiri wodziwa ntchito amakumba maziko mpaka pa dothi lolimba, amapewa dambo ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje chifukwa nthaka yofewa imakulitsa kugwedezeka, amalumikiza njerwa pangodya, amazunguliza lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndipo amamangirira denga ku lambayo ndi waya. Sukulu, zipatala ndi matchalitchi, momwe anthu amasonkhana ambiri, ndizo zoyenera kuyamba kuunikidwa.

Nthaka ikayamba kugwedezeka muli m'nyumba, khalani pansi, bisalani kunsi kwa tebulo kapena bedi lolimba, tetezani mutu, ndipo talikirani mazenera ndi chipupa chosongoka cha kumapeto kwa denga, chimene kawirikawiri chimayamba kugwa. Kukaleka, tulukani mukaime pabwalo, kutali ndi zipupa ndi mawaya a magetsi. Nyumba imene yang'ambika musagonemo kufikira mmisiri ataiona, chifukwa chivomerezi chachikulu chimatsatiridwa ndi zina zocheperapo kwa masabata kapena miyezi, ndipo ku Karonga mu 2009 champhamvu koposa chinabwera patapita pafupifupi masabata awiri kuchokera pa choyamba, n'kupeza zipupa zitafooka kale.